Chitseko Chotsegula ndi Bondo

Basi yachitatu inamusiya pa siteji ngati mmene zinachitira ziwiri zoyamba zija.

"Asisi, inuyo kwerani, koma chimwana chanucho ayi!" anakuwa kondakitala akuloza chimene mtsikanayo anakumbatira pachifuwa. "Chikukodza dzimbiri chimenecho, chitidetsera anthu!"

Chimwanacho chinali ladiyeta, chitsulo choziziritsa injini ya galimoto, chakalekale, chodontha madzi ofiira. Mtsikanayo anali atachigula kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndipo ovololo yake inali itanyowa mpaka m'mawondo. Kusukulu ya ntchito zamanja komwe ankaphunzira umakaniko anzake ankamutchula kuti Sipanala, chifukwa m'chikwama momwe atsikana ena amasungamo kagalasi, iye ankasungamo sipanala ya nambala teni. Dzinalo linamukanirira moti ngakhale amayi ake anayamba kumuitana choncho.

Ali chiimire, kagalimoto ka sukulu yophunzitsa kuyendetsa kanaima patsogolo pake. Munatuluka mnyamata wamtali wa malaya oyera mbee, ositidwa moti ntchentche ikanaterereka.

"Achemwali, wodwalayu mukupita naye chipatala chiti?"

"Sakudwala. Wangokalamba."

"Ndiye tiyeni timulemekeze. Okalamba sadikira basi padzuwa."

Mnyamatayo analandira ladiyetayo, ndipo pomwepo madzi adzimbiri anatsetserekera pamalaya oyera aja. Sipanala anagwira pakamwa. Mwini malaya anangoyang'ana bangalo n'kuseka.

"Musadandaule. Lero ndiye ndasainidwa. Aliyense akandifunsa, ndidzati ndili ndi mwiniwake."

Pakamwa pa amuna ena, abale inu! Sipanala, yemwe anyamata a m'kalasi mwake ankawayankha ndi diso lokha, anapezeka akuseka mpaka kutuluka misozi. Asanafike komwe ankapita anali atapereka kale nambala ya foni. M'foni mwake anamulemba kuti Malaya Oyera, ndipo nafenso tizimutchula choncho, poti kuyera kwake kunathera pa malaya pomwepo.

Ladiyetayo inali ya galimoto yomwe inkakhala kuseri kwa galaja ya amalume ake. Inali kagalimoto ka zitseko ziwiri, kobiriwira kale koma tsopano kofiira ndi dzimbiri, katakhazikidwa pa njerwa. Mwini wake anali malemu bambo a Sipanala. Inaima tsiku lomwe iwo anagonekedwa m'chipatala, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi nkhuku zinkaikiramo mazira, makoswe n'kumadya mawaya mwaufulu.

"Iyi si galimoto, ndi khola," ankatero amalume. "Ukadzaidzutsa ndidzakuvulira chipewa changachi."

Amayi ake okha sankaseka nawo. Ku galajako sankapondako n'komwe.

"Bwanji osangoigulitsa kwa a zitsulo, mwana wanga? Ukuchidzutsiranji chinthu choti chinagona kale?"

Sipanala ankati chimenecho ndi chisoni cha umasiye basi. Iye chomwe ankakumbukira chinali china. Chitseko cha mbali ya wokwera sichinkatseguka ukakhala m'kati. Bambo ake anali makaniko wodziwika, koma chitsekocho sanachikonze. Lamlungu lililonse akaimika galimoto ankatsika, kuzungulira kutsogolo, n'kuwatsegulira amayi atawerama ngati wantchito wa mu hotela. Kamtsikana kokhala kumbuyo kankawomba m'manja. Kwa iye chikondi chinali chimenecho, ndipo anakula akufuna chomwecho.

"Amayi, ndikangomaliza mayeso, mudzakhalanso pa mpando wanu wakutsogolo," analonjeza tsiku lina. "Palibe adzakhalepo inu musanakhalepo. Ndipo ine ndidzazungulira kudzakutsegulirani monga ankachitira adadi."

"Tiona," anayankha amayi, n'kupitiriza kusita zovala.

Malaya Oyera anayamba kubwera ku galaja Loweruka lililonse. Ntchito yake inali kugwira tochi pomwe Sipanala ali pansi pa galimoto, ndi kuyankhula. Kuyankhulako ndiye ankakutha! M'mawa uliwonse foni ya Sipanala inkalira iye asanasukusule.

"Injiniya wanga, wadzuka bwanji? Ine kuno batire yatheratu. Tanditumizira ngakhale kamawu kamodzi ndidzuke."

Masana unkabwera wina.

"Lero wophunzira wanga watsala pang'ono kundigwetsera mu ngalande. Ndinangoti, Ambuye, ndisafe ndisanamukwatire mtsikana wa ovololo uja."

Sipanala ankachita manyazi ndi manja ake. Zikhadabo zake zinali zakuda, ndipo ngakhale atazikwecha ndi mchenga, girizi sankachoka. Tsiku lina anawabisa kumbuyo, koma Malaya Oyera anawakoka n'kuwapsompsona chala ndi chala.

"Ukubisiranji chuma changa? Manja awa ndi amene adzavale mphete yanga, duwa langa. Akazi a zikhadabo zopenta adzaza tauni yonse, koma wodzutsa akufa ndiwe wekha."

Mtsikana wake uti amene sakanasungunuka? Chibadwire palibe anali atamuyamikirapo manja.

Amalume okha ndi amene ankaonera m'mbali.

"Mwana wa mlongo wanga, ine mwamuna wobwera ku galaja miyezi inayi osadetsa malaya ndimamuopa."

"Amalume inunso, munthu ndi waukhondo basi!"

"Ehe. Nanenso ndangonena basi."

Loweruka lina masana kunabwera mvula yadzidzidzi, awiriwo n'kuthawira m'galimoto muja. Mipando inali kwa osoka, choncho anakhala pa zidebe za penti zovundikira, Sipanala ku chiwongolero, Malaya Oyera mbali ya wokwera. Mvula itakata, mnyamatayo anakoka chogwirira kuti atuluke. Chitseko chinakana. Anakokanso, kukankha ndi phewa, koma chinangoti gwa.

"Wandimanga, eti? Ndimange ndithu, ine apilo sindipanga."

Sipanala anaseka. Mtima wake unkakangana wokha. Amuuze? Asamuuze?

"Ika bondo apa, pansi pa chogwirirachi," anatero motsitsa mawu. "Kankhira m'mwamba. Tsopano koka kawiri."

Chitseko chinati kho! n'kutseguka.

"Adadi anandiphunzitsa ndili mwana. Anati, 'Usawauze amayi ako, angasiye kumandidikira.' Padziko lonse tinkadziwa anthu awiri. Iwe ndiwe wachitatu."

Malaya Oyera anaika dzanja pachifuwa, maso ake ali ngati alira.

"Chinsinsi ichi ndidzapita nacho kumanda. Ndipo iwe ukadzakhala mkazi wanga sudzakwezapo bondo ngakhale tsiku limodzi. Ndizidzakutsegulira ine, mpaka tsitsi langa lidzayere ngati malayawa."

Tsiku limenelo Sipanala anabwerera kwawo akuyimba mumsewu ngati wopenga. Anakonda ndi mtima wonse, osasiyako ngakhale kachidutswa koti adzatsale nako.

Miyezi isanu ndi iwiri inatha akulimbana ndi chitsulo chija. Injini anaimasula yonse n'kuimanganso. Mawaya odyedwa ndi makoswe anawasintha limodzi ndi limodzi, akuyang'ana m'buku long'ambika la bambo ake. Dzimbiri anapala mpaka zala kutuluka matuza, kenako anapopera penti yobiriwira ngati yakale ija. Chitseko chokha sanachikhudze. Amalume atati achikonze, anakana kwamtuwagalu.

Tsiku loliza injini linafika. Atapotokola kiyi koyamba, galimoto inangotsokomola. Kachiwiri inabuula n'kukhala chete. Kachitatu inagwedezeka thupi lonse, kulavula chiutsi chakuda, n'kuyamba kulira bwinobwino ngati sinagonepo!

Amalume anavula chipewa. Sipanala anagwada pafumbi akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anawaimbira amayi n'kuyandikiza foni pa injini.

"Amayi, mukumva? Mukuimva?"



"Ikulira ngati kale," anatero amayi, n'kudula foni.

Chimwemwe chitatsika, amalume anakumbutsa zomwe makaniko aliyense amadziwa. Injini yongomangidwa kumene siithamangitsidwa. Imafunika kuyendetsedwa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kwa masabata angapo, kuti zitsulo zatsopano zizolowerane. Koma ayendetse ndani? Sipanala ankadziwa bawuti iliyonse ya galimotoyo, koma layisensi analibe, ndipo mayeso anali atatsala masabata atatu. Amalume maso anali atayamba kuwavuta, pamsewu anasiya kalekale.

"Nanga ine ndilipo chifukwa chiyani?" anafunsa Malaya Oyera. "Iwe werenga, mtima wanga. Mwana wathuyu ndiziyenda naye ine. Ukamaliza mayeso ndidzakuphunzitsa kuyendetsa ndekha, ulere, mpaka layisensi ili m'manja."

Mipando inali itabwera kuchokera kwa osoka. Sipanala anakuta wakutsogolo uja ndi pulasitiki, n'kuumangirira lamba ngati pakhala munthu.

"Apa pokha ayi," anatero. "Ngakhale chikwama usaikepo. Woyamba kukhalapo ndi amayi."

"Mpando wa apongozi anga umenewo! Ntchentche ikangoterapo, ndiimika galimoto n'kuitsitsa."

Sipanala anamupatsa kiyi. Amalume anatsokomola n'kulowa mu ofesi.

Masabata atatu amenewo Malaya Oyera sankaoneka kawirikawiri, koma mauthenga sankaphonya.

"Lero mwana wathu wayenda bwino, sanatsokomole ngakhale kamodzi. Watengera mayi ake kulimba."

"Sindibwera lero, wokondedwa, ndili pamsewu chifukwa cha iwe. Werenga, usandiganizire kwambiri ungalephere."

Mayeso anatha Lachiwiri. Lachitatu m'mawa Malaya Oyera anabweretsa galimoto kuti ichotsedwe oyilo woyamba uja n'kuthiridwa watsopano, monga imafunira injini ikamaliza kuzolowera.

"Kwatsala chinthu chimodzi, Injiniya wanga. Loweruka lino aphunzitsi tonse tili ndi msonkhano kutali ndithu. Ulendo wautali ngati umenewo ndi umene ukhazikitse injiniyi. Lamlungu ndikubwezera, tikatenge amayi. Koma uipukute iwale, anzanga akaone ntchito ya manja a mkazi wanga."

Anaipukutadi, mwana wa eni! M'mawa wonse anakhalira kuikwecha mpaka ankadziona nkhope pa boneti.

Dzuwa lili paliwombo, iye ali chagada pansi pa galimoto akukhetsa oyilo m'beseni, anaona nsapato zoyera zitaima pafupi ndi tayala.

"Odi! Ndikufuna kamtsikana kamene kamakonza galimoto iyi."

Sipanala anatuluka akudzikhwekhwereza. Patsogolo pake panaima mayi wachitsikana wa yunifolomu ya unamwino, wa nkhope yofatsa, atanyamula jumbo.

"Ndine."

"Eee, ndinu aakulu ndithu! Mmene amanenera abwana anu ndinkayesa ndi kamwana."

"Abwana anga ati?"

"Eni galimotoyi. Amati anakupatsani kuti muziphunzirirapo. Munthu uja ali ndi mtima wabwino, eti? Koma nanunso manja muli nawo, asisi. Taonani kuwala kwake!"

Sipanala anafuna kuseka, akuganiza kuti mayiyo wasokoneza galaja. Koma namwinoyo anali akusisita boneti ngati munthu wodziwa chomwe akugwira.

"Ndabwera mobisa, musakamuuze. Ndikufuna mundikonzere chitseko ichi lisanafike Loweruka. Dikirani ndikuonetseni vuto lake."

Asanaletsedwe, anatsegula chitseko cha mbali ya wokwera, kumasula lamba uja osayang'ana n'komwe, n'kukhala pa pulasitiki. Pulasitikiyo sinalire ngati yatsopano. Inali itafewa kale, italowa m'kati potengera thupi la munthu. Namwino anadzitsekera, kuika bondo pansi pa chogwirira, kukankhira m'mwamba, n'kukoka kawiri.

Kho!

"Mwaona? Ine ndinazolowera, poti masabata atatu tsopano amadzanditenga kuntchito tsiku lililonse. Koma Loweruka ndidzakhala mu diresi la ukwati, asisi. Akuti adzandiyendetsa yekha kuchoka kutchalitchi. Ndiye ndidzakweze bondo pamaso pa anthu onse aja?"

Sipanala anayang'anitsitsa bondo lija. Pansi pa galimoto oyilo anali atadzaza beseni n'kuyamba kusefukira pafumbi, koma iye sanaone.

"Bwanji... bwanji osangokutsegulirani iwowo?"

Namwino anaseka. "Uja? Ndinamupempha tsiku loyamba. Anati iye si wantchito wa mu hotela, n'kundiphunzitsa za bondozi. Akuti anazitulukira yekha."

Mawu amenewo ndi amene anamubaya kuposa ukwati womwe. Chinsinsi cha bambo ake! Chomwe anachisunga zaka zonsezi osauza ngakhale mayi womubala, munthu anakachipereka kuti asavutike kutsika pa mpando!

Sanakuwe. Analowa mu ofesi ya amalume, kutsegula kabati, n'kutulutsa buku la umwini wa galimoto. Anabwerera nalo pamodzi ndi foni yake.

"Werengani dzina lili apa. Amenewo ndi malemu bambo anga. Mukatha muwerenge izi."

Namwino anawerenga bukulo, kenako mauthenga aja, chala chikutsika pang'onopang'ono. Nkhope yofatsa ija inayamba kugwa. Anakhala pa chidebe cha penti osaona kuti chidetsa yunifolomu.

"Ngakhale mawu ake ndi omwewa," anatero. "Za batirezi anandilemberanso ine dzulo. Inu ndinu Injiniya? Ine amanditchula kuti Dokotala wanga."

"Tonse anatikweza pantchito," anatero Sipanala, koma palibe anaseka.

"Zaka zitatu tili pachibwenzi, asisi. Makadi a ukwati anapita kale. Achibale ayamba kufika mawa. Ndikawauza chiyani?"

Sipanala nayenso akawauza chiyani amayi ake? Namwino anaimirira, kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kutuluka pageti osatsanzika. Jumbo ija anaiiwala pa boneti. Munali maliboni oyera okongoletsera galimoto.

Malaya Oyera anatulukira cha m'ma folo koloko akuimba likhweru.

"Injiniya wanga! Ha, koma yawala! Bwera kuno ndikupsompsone."

Sipanala anangomuponyera jumbo ija pamapazi. Maliboni anamwazika pafumbi, likhweru n'kuthera pakamwa.

"Dokotala wako waiwala katundu."

Munthu wina akanagwa pansi ndi manyazi. Uyu anangomeza malovu kamodzi, lilime n'kubwerera m'malo mwake.

"Mtima wanga, tandimvera. Ndimafuna ndikuuze, koma ndimaopa kukusokoneza pa mayeso. Ukwati umenewu ndi wa makolo, andikakamiza. Thupi lokha ndi limene likupita kutchalitchi, mtima wanga uli muno mu galaja."

"Unati udzapita nacho kumanda."

"Chiyani?"

Anali ataiwala n'komwe! Sipanala analoza chitseko chija, misozi ili mbwembwembwe.

"Unati ngakhale ntchentche sidzaterapo. Ndinakuuza kuti woyamba ndi amayi anga. Zonse ndinakupatsa, ndinangokupempha mpando umodzi. Umodzi wokha!"

"Aaa, iwenso, si mpando chabe umenewo? Pulasitiki tigula ina, amayi sadzadziwa." Anayandikira, mawu atafewa ngati kale. "Tamvera, duwa langa. Anthu onse ndinawauza kale kuti galimotoyi ndi yanga. Ndibwereke Loweruka lokha, ndisachite manyazi. Ukatero ndidzadziwa kuti umandikondadi."

Kodi anthu ena manyazi anawasiya kuti? Sipanala anayang'ana manja ake, akuda bii ndi oyilo wakutha uja, manja omwe ankati adzavala mphete. Anawatambasula onse awiri n'kuwadinda pachifuwa cha malaya oyera aja, kenako n'kuwatsitsa pang'onopang'ono mpaka pa lamba.

"Wasainidwanso. Akakufunsa ukanene kuti anakusaina ndani."

"Wapenga iwe? Malaya awa ukuwadziwa..."

"Achimwene," anatero amalume, ataima pakhomo la ofesi ndi chisipanala chomasulira matayala, "geti lija munalowera silinasunthe."

Malaya Oyera anatuluka akudzipukuta ndi kampango, bangalo likungokulirakulira. Asanakhote pakona, foni ya Sipanala inalira.

"Ukapsa mtima umakongola kwambiri. Ukazizira undiimbire."

Anaufufuta uthengawo pamodzi ndi nambala yomwe, kenako anakhala pansi n'kutsamira tayala, kulira mpaka mawu kusasa.

Masiku awiri sanadye zolongosoka. Kunyumba ankangoti mutu ukumupweteka, ndipo amayi sankamufunsa zambiri. Loweruka anapita ku galaja, poti analibe kwina kothawira. Chakumasana mumsewu waukulu munadutsa mdipiti wa magalimoto akuliza mahutala. Amalume anasuzumira pageti n'kubwerera akupukusa mutu.

"Ndi iwowo. Abwereka ina yofiira. Namwino uja wakhala kumbuyo, nkhope ataphimba."

Ukwati unachitika ndithu. Mumayesa bodza likaululika dziko limaima?

Mahutala asanazimiririke, pageti panalowa munthu yemwe sanapondepo pamalopo zaka zisanu ndi zinayi. Anali amayi ake. Amalume anali atawaimbira foni. Anaima patali pang'ono ndi galimotoyo, akuiyang'ana ngati munthu amene anakangana naye kalekale.

Sipanala anagwada n'kuwagwira miyendo.

"Amayi, ndikhululukireni. Mpando wanu wakhalidwa. Ndinapereka kiyi ndi manja angawa." Anasisima. "Ndipo pali china. Adadi anandiuza chinsinsi cha chitsekochi, anati ndisakuuzeni. Inu ndinakubisirani, koma ndinakauza galu uja."

"Bondo pansi pa chogwirira," anatero amayi mofatsa. "Kukankhira m'mwamba, kukoka kawiri."

Sipanala anadzutsa mutu.

"Mumadziwa? Anakuuzani adadi?"

"Ayi. Ndinaonera kwa mkazi wina."

Amalume anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

"Unali ndi zaka zisanu. Ndinkachokera kumsika, dengu lili pamutu, n'kuona galimotoyi itaima pakhomo pa nyumba ina. Mkaziyo anakweza bondo, kutsegula, n'kutsika akuseka. Bambo ako ali phee pa chiwongolero. Sikunali koyamba, mwendo wake unkadziwa pogunda. Lamlungu lake anazungulira kudzanditsegulira atawerama, iwe ukuwomba m'manja kumbuyo. Ndikanatani? Ndinatsika n'kunena kuti zikomo."

"Zaka zonsezi, amayi? Bwanji simunandiuze? Ndakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikukukonzerani chinthu chokupwetekani!"

"Unatsala ndi chiyani cha bambo ako, mwana wanga, kupatula chitseko chimenecho? Ndikanakulanda?"

Sipanala anaimirira pang'onopang'ono. Misozi inali itauma, m'chifuwa mutangotsala kuwawa. Anapita pa bokosi la zida n'kutenga sikuludiraiva. Anamasula chikuto cha m'kati mwa chitseko n'kusuzumira. Kawaya kolumikiza chogwirira ndi loko kanali katapindika n'kuchoka pamalo pake, basi. Anakawongola ndi pulayala, kukabwezera, kupaka girizi pang'ono, n'kutsekanso.

Sipanathe ngakhale mphindi khumi ndi zisanu. Ntchito yomwe makaniko wodziwika anaisiya zaka makumi awiri!

Anang'amba pulasitiki ija n'kuiponya mu mgolo wa zinyalala pamodzi ndi maliboni.

"Simuli woyamba, amayi. Ndipo sindingakuyendetseni, amene ankati andiphunzitsa ndi yemwe uja. Koma khalanipo."

Amayi analowa n'kudzitsekera. Anakhala kanthawi manja ali pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo komwe kunali khoma la galaja. Kenako anakoka chogwirira ndi chala chimodzi. Chitseko chinatseguka popanda phokoso. Anachitseka. Anachitsegulanso. Atatero anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira, kulira komwe sanalire ngakhale pamaliro a amuna awo.

Sipanala anayamba kuzungulira kutsogolo kwa galimoto kuti akawagwire dzanja.

"Ayi, khala komweko," anatero amayi akupukuta m'maso. "Nditsika ndekha."

Ndipo anatsikadi okha.